Akakupemphani nkhani ndi chithunzi cha mwana kuti akupatseni ndalama

Mwezi uno wokha funso ili ndaliyankha katatu: pa msonkhano wa mabungwe ku Chitakale, pa foni usiku, komanso mu minibasi yopita ku Limbuli, momwe ndinayankha monong'ona chifukwa kondakitala anali atatchera khutu. Ofunsa ndi anzanga oyendetsa timabungwe tothandiza ana amene akuzunzidwa ndi anzawo kusukulu. Amati: "Otipatsa ndalama akufuna nkhani ya mwana mmodzi ndi chithunzi chake, apo ayi chaka chamawa tisayembekezere kanthu. Koma mwanayo ndinamulonjeza kuti sindiuza munthu. Nditani?" Ndaganiza zolemba kamodzi, kuti wofunsa wina ndizingomulozera pano.

Mantha anuwo ndikuwamva. Namondwe Freddy atawononga kuno ku Mulanje mu Malichi 2023, thandizo lambiri linakhotera ku chakudya ndi malo ogona, ndipo zinayeneradi kutero. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, bajeti imene tinalemba kumayambiriro kwa chaka n'kusanduka pepala chabe. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lodzera ku USAID, ndipo mabungwe akuluakulu amene ankatigawirako nyenyeswa nawonso anayamba kuchotsa anthu ntchito. Komanso ntchito yathuyi sionekera. Wokumba mjigo amajambula mjigo. Ife tijambula chiyani mwana akasiya kulira m'chimbudzi n'kubwerera m'kalasi?

Ndikamati kuzunzana ndikunena zinthu zingapo. Pali kutiza, kumene akuluakulu a ku sekondale amachitira a Fomu 1: kuwachapitsa zovala, kuwalanda ndiwo, kuwadzutsa pakati pa usiku m'hositelo. Pali kutonza ndi kupatsana mayina onyoza, makamaka kwa ana achialubino, odwala khunyu, achibwibwi, ndi amene anzawo atulukira kuti amamwa ma ARV. Pali kusala, mwana kumangokhala yekha pa nthawi yopuma. Ndiye pali zatsopanozi, zofalitsa chithunzi cha mnzako pa WhatsApp. Zonsezi muzu wake ndi umodzi: china chake cha mwanayo chadziwika ndi anthu osayenera. Tsono ife tikachifalitsanso, tapitiriza ntchito ya omuzunza aja.

1. Lekani kulonjeza kuti "sindiuza munthu"

Apa m'pamene ambiri timalakwira tsiku loyamba lomwe. Mwana wabwera akunjenjemera, akuti "musauze aliyense", ife ndi mtima wachifundo n'kuyankha kuti "usadandaule, zithera pompano." Lonjezo limeneli simungalisunge nthawi zonse. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limafuna kuti munthu akaona zizindikiro zoti mwana akuvulazidwa kapena kugwiriridwa, akanene kwa oyenera. Ndipo chisinthireni malamulo aakulu a dziko mu 2017, mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, kutanthauza kuti ngakhale mnyamata wandevu wa Fomu 3 uja akhoza kukhala m'gulu lomweli.

Ife timanena chonchi mwana asanayambe kufotokoza: "Zimene undiuze sindikauza aphunzitsi, anzako, kapena anthu a m'mudzi. Koma ndikamva kuti moyo wako uli pangozi, kapena wina akukugwiragwira, kapena ukuganiza zodzipweteka, ndiyenera kupeza wina wotithandiza. Zikatero ndiyamba ndakuuza iweyo, ndipo tisankhira limodzi woti timuuze." Ena amaopa kuti mwana akamva zimenezi atseka pakamwa. Ine ndaona kuti ambiri amamasuka, chifukwa wamkulu amene wawauza malire ake ndi amene amamukhulupirira.

Nkhani ikafika poti inenedwe, njira zake ndi izi: ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma ndi alangizi ake oteteza ana m'madera, nthambi ya polisi ya Victim Support Unit, ndi nambala yaulere ya 116 imene amayendetsa a YONECO. Onani kuti pa mndandanda umenewu palibe opereka ndalama. Kunena kuti mwana atetezedwe ndi kunena kuti bungwe lipeze ndalama ndi zinthu ziwiri zosiyana.

2. Onani mmene mukufikira kwa mwanayo

Chinsinsi chambiri sichiululika ndi pakamwa. Mukafika pasukulu ndi njinga yamoto yomatidwa chizindikiro cha bungwe, mutavala tisheti yolembedwa za nkhanza, n'kutuma pulefekiti kukaitana mwana mmodzi m'kalasi, sukulu yonse yadziwa kale. Ife timafika pa tsiku la kalabu ya ana ya pasukulupo, pamene ana ambiri amalowa ndi kutuluka, ndipo woti alankhule nafe payekha amangotsalira ngati akuthandiza kulongedza mipando. Mukamapita kunyumba kwawo, tsikani kabaza patali n'kumaliza wapansi. Anyamata a kabaza ndi abale athu, koma nkhani imafika pa siteji inu musanabwerere.

3. Khalani ndi mabuku awiri, ndipo asagone malo amodzi

Buku loyamba ndi laling'ono. Muli dzina la mwana, sukulu, mudzi, womulera, ndi nambala imene mwamupatsa. Limakhala mokhoma, ndipo olitsegula asapose anthu awiri. Buku lachiwiri, kapena mafayilo, ndi momwe mumalemba zimene zinachitika ndi zimene mwachitapo, koma mulibe dzina, muli nambala yokha. Nambalayo ikhale yopanda tanthauzo, monga 014. Musaikemo zilembo zoyamba za dzina kapena za sukulu, chifukwa mphunzitsi aliyense wa m'deralo amasulira asanamalize kumwa tiyi.

Zolakwika zimene ndimaziona kawirikawiri ndi za foni. Nkhani ya mwana isalembedwe pa gulu la WhatsApp la mavolontiya, ngakhale mutati "tipempherere mwana wina wa Sitandade 7." Foni imene muli mauthenga a ana ikhale ndi nambala yachinsinsi, ndipo musaisiye ku babashopu kuti itchajidwe ili yosakhoma. Mukapita kosindikiza lipoti pa boma, imani pomwepo mpaka mwaona kuti afufuta fayilo yanu pa kompyuta yawo, ndipo mapepala olakwika mutenge, asakakulungire mandasi. Kuyambira 2024 tili ndi lamulo la Data Protection Act, limene amaliyang'anira a MACRA, ndipo limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu lofunika kusamalidwa mwapadera. Ndiye kusasamala kumeneku sikungokhala kochititsa manyazi kokha ayi.

4. Kambiranani musanasaine, osati lipoti litayandikira

Nkhanga zinapangana kusanache. Tsiku limene mgwirizano wabwera, ambiri timathamangira tsamba la ndalama. Werengani tsamba la malipoti. Fufuzani pamene alemba za nkhani za opindula, zithunzi, ndi mndandanda wa mayina. Ngati alemba kuti chilichonse chimene mungatumize akhoza kuchigwiritsa ntchito mmene angafunire, pemphani kuti asinthe. Nthawi imeneyi m'pamene amamva, chifukwa nawonso amakhala akufuna kuti pulojekiti iyambe. Mabungwe aakulu ambiri ali ndi malamulo awoawo oteteza ana. Apempheni kope lake, ndipo tsiku limene wa ofesi yawo yofalitsa nkhani adzakukakamizeni chithunzi, mudzamuwerengere lamulo la kwawo lomwe.

Pali msampha wina umene sutchulidwa: pepala losainira ndalama ya thiransipoti kapena zakumwa. Pamwamba palembedwa kuti "msonkhano wa ana ozunzidwa", m'munsi muli mayina, sukulu ndi siginecha, ndipo pepala limeneli limadutsa m'manja mwa akauntanti, dalaivala ndi aliyense wa mu ofesi. Pamwambapo lembani kuti "kalabu ya ana" basi. Pa ana olandira uphungu paokha, gwirizanani kuti papepala pazikhala nambala, ndipo odita, wofufuza mmene ndalama zayendera, akafuna kutsimikiza kuti anawo si a m'mutu mwanu, abwere mu ofesi, aone buku laling'ono lija inu muli pomwepo, osajambula, osachita fotokope. Odita ali ndi chifukwa chomveka chofunsira, poti mabungwe onama mayina alipo ndipo tonse tikuwadziwa. Musamukanize kuona. Mukanizeni kunyamula.

Mu bajeti ikanimo kabati yokhoma, mayunitsi a foni ya bungwe, ndi thiransipoti yoperekezera mwana kupolisi kapena kuchipatala. Zikapanda kulembedwa, volontiya adzagwiritsa ntchito foni yake imene mwamuna wake amaigwiranso madzulo.

5. Kulemba nkhaniyo

Apa ndikhalitsapo, chifukwa malangizo ambiri amangoti "sinthani dzina" n'kupita patsogolo. Kusintha dzina kumabisa munthu mu mzinda waukulu. Kuno ayi.

Tayerekezani mwalemba chonchi: "Mtsikana wa zaka 14 wachialubino, wa Fomu 1 pa sukulu ina yoyendera pafupi ndi Muloza, amene amakhala ndi agogo ake mayi ake atapita ku Milange." Dzina mulibe. Koma atsikana otere alipo angati? Mmodzi. Mayi wogulitsa zinanazi m'mbali mwa msewu akhoza kukulozerani nyumba yake. Chimene chimaulula mwana ndi kuphatikizana kwa tizinthu ting'onoting'ono, kalikonse pakokha kooneka kosalakwa.

Ine ndinaphunzira izi mowawa. Zaka zapitazo ndinalemba nkhani ya mnyamata wina amene anzake ankamutonza chifukwa cha mankhwala amene ankamwa. Dzina ndinasintha, chithunzi ndinamujambula chakumbuyo. Ndinkaganiza kuti lipotilo likathera mu kabati kutsidya kwa nyanja. Patapita miyezi, nkhaniyo inaikidwa pa Facebook. Munthu wa m'mudzi mwawo amene amagwira ntchito ku Johannesburg anazindikira juzi ndi mtengo wa pasukulupo, n'kutumiza kumudzi kufunsa ngati ndi mwana wa uje. Anthu amene sankadziwa za mankhwala aja anadziwira pamenepo. Mnyamatayo teremu imeneyo sanaimalize. Ndalama tinalandira, ndipo mpaka lero ndikadutsa njira ya kwawo ndimayang'ana pansi.

Chichokereni pamenepo timachita motere.

Choyamba, timalemba nkhani yonse mmene ilili, kenako n'kuyamba kuchotsa. Dera limangokhala "boma la Mulanje". Zaka zimangokhala "wa ku sekondale". Matenda, chilema, ntchito ya makolo, ndi mawu enieni amene ankamunyoza nawo, zonse zimachoka, pokhapokha ngati nkhaniyo singamveke popanda chimodzi mwa izo, ndipo chikatsala chimodzicho china chilichonse chiyenera kuchoka. Mawu onyozawo anthu amawaiwala kuchotsa chifukwa ndi amene amakhudza mtima wa wowerenga, koma dzina lachipongwe limadziwika pasukulu kuposa dzina la ubatizo.

Chachiwiri, nthawi zambiri sitilemba za mwana mmodzi n'komwe. Timatenga zimene zinachitikira ana atatu kapena anayi n'kuumba nkhani imodzi, ndipo pamwamba pake timalemba poyera kuti "nkhaniyi yaphatikiza zimene zinachitikira ana angapo, pofuna kuwateteza." Mawu amenewa musawasiye. Mukawasiya mwanama, ndipo tsiku limene opereka ndalama adzafune kukumana ndi mwanayo mudzasowa kolowera.

Chachitatu, manambala nawonso amaulula. Mukalemba kuti pa sukulu yakuti munathandiza ana 23, palibe vuto. Mukagawa n'kulemba kuti mwa iwo mmodzi ndi wakhunyu, ahedi akudziwa kuti ndi ndani. Gulu likachepera ana 5, ife timaliphatikiza ndi la masukulu ena n'kupereka chiwerengero cha zoni yonse.

Chachinayi, zithunzi. Kuphimba maso ndi kamzere kakuda sikubisa munthu amene anthu amamudziwa ndi mayendedwe. Yunifolomu, chikwama, khoma la kalasi, ngakhale mbali ya phiri imene ikuoneka kumbuyo, zonse zimanena malo. Aliyense wakuno akaona phiri pa chithunzi amadziwa ngati wojambulayo anaima cha ku Likhubula kapena cha ku Muloza. Timatumiza zithunzi za sewero la kalabu yonse, za bokosi loponyamo madandaulo, za maphunziro a amayi a Mother Group (gulu la amayi othandiza ana pasukulu), za zojambula za ana zopanda mayina. Mwana amene ali m'mafayilo athu sitimuika patsogolo pa chithunzi chilichonse.

Nanga kholo likavomera? Apa ndimasiyana maganizo ndi anzanga ena. Amati agogo adinda chala, ndiye zatha. Koma taganizani: agogowo mwawagulira mwana yunifolomu, mwawaperekeza kwa ahedi, lero mwabwera ndi pepala. Akana bwanji? Ndipo Facebook sanaionepo. Chilolezo chenicheni chimafuna kuti muwafotokozere m'chinenero chimene amamva bwino, kaya Chichewa kaya Chilomwe, kuti chithunzicho chikhoza kuonedwa ndi aneba awo ndipo chikapita sichibwerera. Muwauze momveka kuti akakana thandizo silisiya. Muwapatse sabata yoganiza, ndipo wobwera kudzamva yankho asakhale amene amapereka uphungu kwa mwanayo. Kenako mufunse mwanayo payekha. Kholo likavomera mwana n'kukana, yankho ndi ayi. Onse akavomera koma inu mukuona kuti zikhoza kumubwerera, yankho ndi ayi ndithu, chifukwa inu ndi amene mukudziwa kutalika kwa ulendo wa chithunzi.

Musaiwale kuti wozunzayo nayenso ndi mwana. Nthawi zambiri tikafufuza timapeza kuti kwawo kuli moto. Nkhani yanu isamuloze chala.

Ngati mukufunadi nkhope ndi mawu a munthu weniweni, funani amene anadutsamo kale, wapitirira zaka 18, anachoka pasukulupo, ndipo akufuna yekha kulankhula. Alipo, ndipo amalankhula bwino kuposa lipoti lililonse.

Poyankha opereka ndalama musangoti "sitingathe." Ife timalemba kuti: "Ana amene timawathandiza amakhala m'midzi imene aliyense amadziwana, choncho kusintha dzina sikuwateteza. M'malo mwa chithunzi cha mwana tikutumizirani nkhani yophatikiza, chiwerengero cha ana amene abwerera m'kalasi teremu ino, ndi mawu a mphunzitsi amene wavomera kutchulidwa. Mukafuna kutsimikiza, bwerani mudzaone mabuku athu." Akabwera kudzacheza, akumane ndi kalabu yonse, aonere sewero, alankhule ndi aphunzitsi ndi amayi. Asakhale pansi pa mtengo ndi mwana mmodzi sukulu yonse ikuonerera galimoto yoyera.

Ambiri amavomera. Ena savomera, ndipo sindikunamizani kuti zimatha bwino nthawi zonse. Ife tinataya thandizo kamodzi pa chifukwa chimenechi, ndipo mavolontiya anayenda wapansi miyezi ingapo. Koma ana amauzana. Mwana mmodzi akaululika, bokosi la madandaulo limakhala lopanda kanthu chaka chonse, ndipo pamenepo ngakhale lipoti loti mulembe mulibe.

6. Funani ndalama zing'onozing'ono zosafuna nkhope

Bungwe lodalira khomo limodzi ndi limene limagonja likaopsezedwa. Konzani mapepala anu: kalembetseni ku khonsolo kudzera ku ofesi ya chisamaliro cha anthu, ndipo mukakula mufike ku NGORA, nthambi ya boma yoyang'anira mabungwe omwe si aboma, chifukwa opanda mapepala sapatsidwa ngakhale mpata wopempha. Kenako gogodani pafupi: mipingo ndi mizikiti, makampani a tiyi, eni mashopu a pa Chitakale ndi Luchenza, magulu a banki mkhonde, ana akuno amene ali ku Joni. Apempheni chinthu chooneka, monga mayunitsi a mwezi, matayala a njinga, kapena makope a kalabu. Wayilesi ya m'dera monga Mzati ndi yabwino pokambirana za vutoli, koma osapita ndi mwana ku situdiyo, mawu amadziwika.

Walira mvula walira matope. Wothandiza wapafupi ndi amene ali woopsa kwambiri pa chinsinsi, chifukwa amadziwa anthu. Abusa, amfumu, ngakhale a m'komiti yanu yomwe adzafunsa mwachikondi kuti "kodi ndi mwana wa ndani, mwina tingathandizepo." Yankhani mwaulemu: "Gogo chalo, tinalonjeza anawa kuti mayina sitinena. Tsiku lina adzakhala mdzukulu wanu, ndipo tidzamusungira chimodzimodzi." Sindinaonepo mfumu ikukwiya ndi yankho limeneli.

Chimodzi chokha musachite: kuika nkhani ya mwana mmodzi pa Facebook ndi nambala ya Airtel Money kapena Mpamba m'munsi kuti anthu asonkhe fizi. Ndalama imabweradi msanga. Mwanayo Lolemba amapezeka kuti ali ndi dzina latsopano lomunyoza nalo.

7. Ndalama zikatha

Pulojekiti ikatseka, m'pamene zinsinsi zambiri zimatayika. Volontiya amene sanalandire kangachepe miyezi itatu amachoka ali wokhumudwa, nkhani za ana zili m'mutu ndi m'foni mwake. N'chifukwa chake aliyense asaine lonjezo losunga chinsinsi tsiku lolowa, lonena kuti likugwirabe ntchito ngakhale atachoka. Ndipo mukaona kuti ndalama zikutha, auzeni zoona mwezi usanafike. Munthu amene mwamulemekeza potsanzikana sakayalutsa ana pa msika.

Ana amene nkhani zawo zikadali pakati, musangowasowera. Khalani ndi aliyense, muuzeni kuti simubweranso pafupipafupi, mufunseni ngati akulola kuti fayilo yake ipite kwa mlangizi woteteza ana wa m'dera lake kapena kwa mphunzitsi amene iye amamukhulupirira, ndipo mulembereni 116 mkati mwa chikuto cha kope lake. Fayilo muipereke pamanja, osatumiza pa minibasi.

Laputopu kapena foni ngati ikubwerera kwa eni pulojekiti, ifufutidwe yonse, osati kungotaya mafayilo m'kabini ka pa kompyuta. Simu khadi ya bungwe isapatsidwe kwa mwana wa apampando, chifukwa ana adzapitiriza kuimbira nambala imeneyo. Mapepala a ndalama sungani zaka zimene mgwirizano unanena. Mafayilo a nkhani zimene zinatha, ngati mulibe malo okhoma oti muwasunge mutatuluka mu ofesi ya lendi, atentheni anthu awiri muli pomwepo, mulembe tsiku ndi manambala a mafayilo amene mwatentha, ndipo mutakase phulusalo ndi mtengo, chifukwa hadikava ikapsa masamba a pakati amatsala owerengeka.